Mwana wa zaka zisanu ndi mbiri yakale: tiyambire pati pakhomo?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi ena okhala kufupi ndi Bembeke, m'boma la Dedza. Iwo alemba kuti: "Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu. Sukulu ya mkaka ili kutali, ndipo nthawi ya dzinja mtsinje umadzaza, ndiye ndikumuphunzitsa ndekha pakhomo mpaka adzayambe Sitandade 1. Zilembo ndi manambala tikuyesetsa. Koma ndimafuna adziwenso mbiri yakale. Tsiku lina ndinamuuza kuti dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, iye n'kundifunsa ngati linali dzulo. Kodi ndafulumira? Ndiyambire pati poti mabuku ndilibe? Nanga zoopsa monga nkhondo ndi ukapolo, ndimuuze kapena ndimubisire?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Simunafulumire ayi. Chimene chachitika n'chakuti mwafuna kukwera mtengo poyambira kunsonga, pamene tsinde lili pompo pakhomo panu. Ndaphunzitsa ana aang'ono kwa zaka zambiri, kenaka ndinayamba kuphunzitsa aphunzitsi awo, ndipo funso la mwana wanu lakuti "linali dzulo?" ndalimva kambirimbiri. Ndi funso la mwana wanzeru amene akuyesa kuika chinthu chachilendo m'kadengu kokhako kamene ali nako.

Tamumvetserani bwino akamayankhula. Ana ambiri a msinkhu umenewu amasokonezabe dzulo ndi dzana, ena amati "mawa ndinapita kuchigayo". Chaka chatha ndi sabata yatha kwa iwo n'chimodzimodzi. Tsono nambala ngati 1964 ndi yaikulu kuposa manambala onse amene amatha kuwerenga, ndipo saiona, saigwira, sainunkhiza. Akhoza kuiloweza, inde, monga amalowezera nyimbo ya pawailesi, koma mumtima mwake simukhala chilichonse. Chimene mwana wa zaka zisanu amatha kumvetsa ndi ndondomeko: ichi chinayamba, ichi chinabwera pambuyo. Amadziwa kuti timayamba tatereka madzi tisanathire ufa. Amadziwa kuti chimanga chimayamba chamera chisanachite ngayaye. Mbiri yakale kwa iye iyambire pamenepo.

Ndipo munthu woyamba amene mbiri yake angaimve ndi iye mwini. Tengani buku lake la kusikelo lija, mumuonetse tsiku limene anabadwa, mumuonetse mzere wokwera umene anamwino ankalemba akamuyeza. Ngati kamalaya kake ka ukhanda mukadali nako, katulutseni akayerekeze ndi thupi lake lero. Muuzeni amene anamutcha dzina ndi chifukwa chake, nyengo imene anabadwa, kaya kunali mvula kaya inali nthawi yokumba mbatatesi, amene anakuperekezani kuchipatala, tsiku limene anayamba kuyenda. Ana satopa nayo nkhani imeneyi. Adzakuuzani kuti mubwereze, ndipo mukasintha kanthu adzakukonzani. Pamenepo dziwani kuti waphunzira kale chinthu chachikulu, chakuti zimene zinachitika zili ndi mmene zinachitikira, sitimangozisintha mmene tafunira.

Pali kasewero kamene ndimakakonda kuposa tonse, ndipo sikalira ndalama. Yalani mphasa pabwalo, mutenge nyemba m'kambale. Muuzeni kuti nyemba imodzi ndi dzinja limodzi, mvula kubwera n'kupita. Aike yekha nyemba zisanu pamzere: uwu ndi moyo wake. Pansi pake muike mzere wanu, awerenge nanu limodzi mpaka pamene angathe. Kenaka mzere wa agogo ake. Ndinachitapo zimenezi ndi kamdzukulu kanga tili pakhonde, azigogo ake ena ali pompo akusenda nandolo. Mzere wa agogowo unatha mphasa yonse n'kutulukira padothi. Kamwanako kanaima, n'kuyang'ana nyemba zake zisanu zija, n'kuyang'ananso mzere wautaliwo, kenaka kanaloza chala pafupi ndi poyambira n'kufunsa kuti, "Apa agogo anali wamng'ono ngati ine?" Agogowo anaika lichero pansi n'kuyamba kufotokoza za mbuzi zimene ankaweta. Phunziro linayambira pamenepo, ine sindinawonjezerepo mawu.

Pamzere womwewo m'pamene 1964 wanu uja angapeze malo. Kuchokera chaka chimenecho kufika lero ndi nyemba zoposa 60. Ngati agogo ake anali atabadwa, muikepo kamwala pa nyemba ya chaka chimenecho n'kunena kuti, "Agogo ali apa, dziko lathu linasiya kulamulidwa ndi azungu a ku Britain, linakhala ndi mbendera yakeyake." Zakwana. Nambala yeniyeniyo adzaipeza kusukulu, ndipo ikadzabwera idzapeza pokhala pokonzakonza. Kwa panopa mukhale ndi mawu anayi okha ogawira nthawi: "iwe uli khanda", "amayi ali mwana", "agogo ali mwana", ndi "kalekale agogo asanabadwe". Nkhani iliyonse imene mungamuuze, muzimuuza kuti ikugwera pati mwa zinayizi.

Tsopano ndifike pa mawu anu akuti mabuku mulibe. Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa m'pamene pali mtima wa yankho langa. Ngati mwanayo ali ndi agogo amoyo, kaya akuchikazi kaya akuchimuna, kapena m'mudzimo muli nkhalamba imene imakonda ana, muli ndi chimene sitolo ya mabuku iliyonse singakugulitseni. Ndipo buku limadikira pashelefu zaka ndi zaka, koma agogo sadikira.

Ine ndikulankhula ngati munthu amene anachedwa. Agogo anga aamuna anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodizo. Anabwerako ndi bokosi lachitsulo, jekete lolemera limene ankavala m'chisanu cha June, ndi chifuwa chimene sichinawasiye. Bokosilo ndinkalikhalira tsiku ndi tsiku ndili mwana. Sindinawafunsepo kuti anayenda bwanji, ankagona potani, pansi pa nthaka pankamveka bwanji, ankayankhula chinenero chanji ndi anzawo. Nditakula ndinawerenga kuti mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa Wenela kulembanso anthu kuno. Ndinafuna kuthamangira kwa agogo kukawafunsa ngati ankadziwapo wina mwa anthuwo, koma n'kuti atagona kale kumanda. Mpaka lero zimandipweteka. Musalole kuti mwana wanu adzamve kupweteka kotereku.

Koma kufunsa akuluakulu kuli ndi luso lake. Mukangonena kuti "Agogo, tiuzeni za kale," adzayankha kuti "Aa, kale zinthu zinali bwino," nkhani n'kuthera pomwepo. Funso lizikhala laling'ono, logwirika. Muli ngati ine, munkadya chiyani m'mawa? Nsapato yoyamba munavala liti, anakugulirani ndani? Munkasewera chiyani mwezi ukawala? Galimoto munayamba kuliona kuti? Madzi munkatunga kuti? Mchere ukasowa munkatani? Mwanayo azifunsa yekha, funso limodzi pa ulendo umodzi, inu mukhale pambali. Ngati foni yanu imajambula mawu, pemphani chilolezo kwa agogowo mujambule. Ngati ayi, madzulo lembani mizere iwiri itatu m'kope, mwanayo ajambule chithunzi pansi pake. Pakutha pa chaka mudzakhala ndi buku la mbiri limene palibenso wina ali nalo m'Malawi muno.

Pomwepo adziwenso mfunda wake. Akamva anthu akukuitanani kuti Naphiri, Nabanda kapena Nangozo, muuzeni tanthauzo lake, ndi kumene makolo a mfundawo amati anachokera. Adziwe atsibweni ake ndi chifukwa chimene amalemekezedwa pa mbumba. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu mabanja ambiri ndi osakanikirana, amayi Mchewa, abambo Mngoni, agogo ena Myao. Musasankhe mbali imodzi. Mwana amene wadziwa msanga kuti magazi ake anachokera kungapo savutika kuona anzake a mitundu ina ngati abale.

Chachiwiri pambuyo pa agogo ndi zinthu zogwirika. Dzanja la mwana limamva msanga kuposa khutu. Funafunani m'mudzimo mphero, mwala wopererapo uja, mumupatse mawere pang'ono ayese kupera. Ayese kunyamula munsi. Kenaka mupite naye kuchigayo aone thumba lonse likutha m'kanthawi kochepa. Simufunikanso kumulalikira za kusintha kwa zinthu, manja ake amuuza kale. Chimodzimodzi simbi yamakala, nyali ya koloboyi, mtsuko pambali pa chigubu chapulasitiki, chipande cha mtengo, kaseti yakale. Muzimufunsa iye poyamba kuti, "Ukuganiza kuti ichi ankachitira chiyani?" Muloleni aphonye, aganizenso. Umu ndi mmene akatswiri ofukula zakale amagwirira ntchito.

M'mbale yake ya nsima mulinso mbiri imene imadabwitsa ngakhale akuluakulu. Chimanga si mbewu ya makolo athu oyambirira. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo chinafika mu Africa pa zombo za Apwitikizi ndi amalonda ena zaka mazana angapo zapitazo. Mbatatesi imene yatchukitsa Dedza, Bembeke, Lizulu ndi Tsangano kwawo ndi kumapiri ozizira a Andes ku South America, n'chifukwa chake imakonda kuno kozizira. Tomato ndi chinangwa nazonso n'zochokera kutsidya komweko. Chimanga chisanafike, makolo ankadalira mapira ndi mawere. Tsiku lina muphikireni phala la mawere n'kumuuza kuti, "Kalekale agogo asanabadwe, ngakhale agogo a agogo asanabadwe, kuno kunalibe chimanga. Ana ankadya chonchi." Adzaliza mafunso, ndipo mafunsowo ndiye phunzirolo.

Anthu otchuka a m'mbiri yathu nawonso muli nawo m'thumba la ndalama. Tulutsani K50. Nkhope ili pamenepo ndi ya Inkosi ya Makosi Philip Gomani II, mfumu ya Angoni a kwa Maseko, ya ku Lizulu konkuno ku Ntcheu, pamsewu umene mumadutsa mukamapita ku Balaka. Mu 1953 anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene azungu ankakakamiza, boma la atsamunda linamuchotsa pampando, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Kwa mwana mungonena kuti, "Awa anali mfumu ya kufupi ndi kwathu. Anthu amphamvu anawalamula kuti avomereze chinthu chimene chikanapweteka anthu awo, iwo anakana ngakhale ankadziwa kuti awalanga." Pa K200 pali Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi pomenyera ufulu ndipo anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda. Poti wanu ndi mwana wamkazi, nkhope imeneyi aione kawirikawiri. Pa K500 pali John Chilembwe, m'busa wa ku Mbombwe ku Chiradzulu, amene anatsegula sukulu za ana achikuda ndipo mu 1915 anaukira nkhanza za m'minda ya azungu. Munthu mmodzi pa mwezi ndi wokwanira. Agogo angamuuzenso kuti kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, ndipo izi zisanabwere ankagula ndi mapaundi, masheleni, tiki ndi kobiri loboola pakati. Mwina wina m'mudzimo akusungabe kobiri lotero m'kachitini.

Masiku a tchuthi amathandizanso chifukwa amabwerera chaka ndi chaka: 15 January wa Chilembwe, 3 March wokumbukira amene anafera ufulu, 6 July wa ufulu wodzilamulira. Tsiku likafika, nkhani yaifupi yomweyo ibwerenso, chaka chamawa mudzaitalikitse pang'ono.

Ndiyeno mayi, inu muli ndi mwayi umene makolo a m'maboma ena alibe. Mukukhala pafupi ndi Chongoni. M'mapiri amenewa muli malo 127 amene anthu akale anajambula zithunzi pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo amachokera kutali kudzaona, pamene ana ambiri obadwira m'munsi mwa mapiri omwewo sanapiteko. Zithunzi zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula kapena kuti Abathwa, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene ankakhala kuno alimi asanadzaze dziko. Zambiri ndi mizere, timadontho ndi zozungulira. Zoyera zinajambulidwa pambuyo pake ndi Achewa pogwiritsa ntchito dothi loyera, ndipo zimakhudzana ndi chinamwali, kupempha mvula ndi maliro. Malo amene anthu amapitako kawirikawiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Kwa miyendo ya mwana wa zaka zisanu ndingasankhe Chentcherere, nyengo ya chilimwe udzu utachepa, ndipo mupite ndi munthu wodziwa malowo.

Mukafika musafulumire kufotokoza. Khalani pansi pa thanthwelo kaye, mwanayo ayang'ane. Mufunseni chimene akuona. Mufunseni chifukwa chimene munthu angasankhire malo amenewa mvula ikamagwa. Muuzeni kuti dzanja la munthu weniweni, amene ankamva njala ndi kuzizira ngati ife, linakhudza mwala umenewu kalekale kwambiri, kale loti nyemba zonse za m'kambale sizingakwane. Kenaka mumuphunzitse lamulo la malowo: sitikhudza zithunzi, sitithirapo madzi kuti zioneke bwino, sitilembapo maina ndi makala. Zimandiwawa kwambiri ndikapeza maina a anyamata atakandidwa pamwamba pa zojambula zimene zapirira mvula ndi dzuwa kwa mibadwo yosawerengeka. Mwana amene wauzidwa ali ndi zaka zisanu sadzachita zimenezo ali ndi zaka 15. Mukabwerera kunyumba, sakanizani dothi la katondo ndi madzi, phulusa ndi madzi, mumupatse mwala wafulati ajambule ndi chala chake.

Mwina agogo adzamuuza nkhani ija yakuti Akafula anali aafupi ndipo akakumana ndi munthu ankafunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukayankha kuti pafupi pompa ankakwiya, ukati ndakuonerani kutali uko ankakondwa. Ndi nkhani yokoma ndipo ana amaikonda. Ingoonetsetsani kuti isasanduke yoseka anthu. Muwonjezere kuti anthu amenewa ndiwo ankadziwa nkhalango ino kuposa wina aliyense, ndipo ndiwo anatisiyira zithunzi zija.

Kumunsi kwa phiri, ku Mtakataka, kuli Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mu 1902. Kumeneko kuli KuNgoni, malo a zachikhalidwe amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndi nyumba yosungira zakale ya Chamare imene imaonetsa miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ndi malo abwino zedi, koma ndikuchenjezeni kuti muli nkhope zambiri za gule zimene zingamuopse mwana wamng'ono. Mwana wanu mukumudziwa ndinu. Ngati ndi wamantha, dikirani chaka chimodzi kapena ziwiri, kapena mungoona naye anthu osema ziboliboli ndi zithunzi za pakhoma. Dera lomwelo ndi kumene kunali Mankhamba, likulu la Kalonga wa Amaravi. Katswiri wathu wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo n'kupeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu, ngakhalenso zidutswa za mbale zochokera ku China. Taganizani, mbale ya ku China kufika ku Dedza kulibe galimoto, kulibe msewu wa tala. Mwana mungamufunse kuti, "Inafika bwanji?" ndipo mudzayenda naye m'maganizo kuchokera kunyanja yamchere, pamitu ya anthu, mpaka kuno.

Ngati muli ndi abale ku Ntcheu, mwezi wa September Angoni a kwa Maseko amasonkhana kwa Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano. Mwana akaona ngoma ikuvinidwa, zishango, zikopa ndi nthenga, ndiye nthawi yabwino yomuuza kuti makolo a anthu amenewa anayenda ulendo wautali wapansi kuchokera kumwera kwenikweni kwa Africa, ana ali kumsana, ng'ombe zili patsogolo, mpaka anawoloka Zambezi. Ndipo pa Lizulu pomwepo muonetseni kuti tsidya lina la msewu ndi Mozambique, ngakhale anthu a mbali zonse ziwiri akuyankhula chimodzimodzi ndipo ndi pachibale. Malirewo anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, eni dera osafunsidwa.

Pali chinthu china chimene ndimachiona kukhala chofunika kuposa maina onsewa. Mwana wa msinkhu uwu sasiyanitsa bwino nthano ndi zochitikadi. Kwa iye Kalulu ndi Chilembwe akhoza kukhala anansi. Nthano musasiye ayi, zimamuphunzitsa kumvetsera nkhani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo nazonso ndi chuma chimene makolo anatisiyira. Koma zikhale ndi khomo lakelake. Mukati "Padangotero," iye n'kuyankha "Tili tonse," adziwe kuti talowa m'dziko limene nyama zimayankhula. Mukafuna kunena mbiri, yambani ndi mawu ena, monga "Izi zinachitikadi." Ndiye pali nkhani za pakatikati, monga ya Kaphirintiwa ku Dzalanyama, kumene makolo a Achewa ankati anthu oyamba ndi nyama anatsikira kuchokera kumwamba n'kusiya mapazi awo pathanthwe. Imeneyi mungaiyambe ndi mawu akuti, "Makolo athu ankafotokoza kuti..." Mukatero simunainyoze, komanso simunamunamize mwana.

Kuchokera pamenepo mumuzoloweze kafunso kamodzi: tadziwa bwanji? Tadziwa bwanji kuti unali wamng'ono chonchi? Kamalaya aka. Tadziwa bwanji kuti kuno kunkakhala anthu kalekale? Zithunzi za pamwala zija. Tadziwa bwanji za njala ya 1949? Agogo a uje anaiona ndi maso. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mwana wofunsa wamkulu kuti "mwadziwa bwanji" amaoneka wamwano, ndipo sindikufuna kuti mwana wanu akadzudzulidwe. Muphunzitseni kufunsa mwaulemu, atakhala pansi: "Agogo, zimenezi munaziona nokha, kapena anakuuzani ndani?" Akuluakulu ambiri amakondwa nalo funso limeneli, chifukwa limawapatsa mpata wotchula amayi awo ndi agogo awo. Ndipo tsiku lina agogo awiri adzafotokoza chinthu chimodzi mosiyana. Musathamangire kugamula kuti wolondola ndani. Muuzeni mwanayo kuti anthu awiri akhoza kuona chinthu chimodzi ataima malo osiyana. M'dziko la lero, limene nkhani zabodza zimayenda pa WhatsApp kuposa moto wa m'tchire, mwana amene anazolowera kufunsa gwero la nkhani ali ndi chishango.

Za nkhondo ndi ukapolo, yankho langa ndi ili: musamunamize, komanso musamusenzetse katundu woposa msinkhu wake. Simukuyenera kuyambitsa nkhanizi inu. Koma zidzabwera zokha, chifukwa adzafunsa chifukwa chimene Angoni amavinira ndi nthungo, kapena chimene chinawachitikira a Chilembwe. Akafunsa, yankhani zoona m'mawu ochepa, kenaka mudikire. "Kale kunali nkhondo, anthu ankathawira m'mapiri kukabisala." "Kunali anthu amene ankagwira anzawo n'kukawagulitsa kutali. Chinali choipa kwambiri, ndipo chinaletsedwa." "Anaphedwa chifukwa anakana nkhanza." Akafuna zambiri adzafunsanso, akakhuta adzathamangira kukasewera. Za magazi ndi mmene anthu ankafera zisiyeni, ndipo nkhani zotere zisakambidwe pogona. Ana a msinkhu uwu amaopa kuti chimene chinachitika kale chibweranso usiku womwewo, ndiye muzimutsimikizira kuti zinatha ndipo iye ali pabwino.

Chimene ndikupemphani kwambiri n'chakuti musamangirire choipa pa mtundu wa anthu. N'zoona kuti magulu a nkhondo a Angoni ankathira nkhondo midzi ya Achewa, n'zoonanso kuti mafumu ena a Ayao ankachita malonda a akapolo ndi amalonda a kugombe, ndipo asilikali a atsamunda anapha Gomani woyamba mu 1896. Adzaphunzira zonsezi akadzakula. Koma mwana wa zaka zisanu mukamuuza kuti "Angoni ankapha anthu" kapena "Ayao ankagulitsa anthu," mawa adzakanena kwa mnzake amene amatunga naye madzi pamjigo. Nenani kuti "anthu ena a nthawi imeneyo". Za Gule Wamkulu nazonso mabanja amasiyana malinga ndi chipembedzo, ndipo ine sindingakulamulireni. Chimene mwana aliyense angadziwe n'chakuti ndi mwambo wakale wa Achewa umene UNESCO inauzindikira mu 2005, kuti uli ndi eni ake ndi zinsinsi zake zimene sitiseweretsa, ndiponso kuti sitinyoza anthu ovina kapena osavina.

Mukafufuza pa intaneti mudzapeza ndondomeko za makolo a kunja ophunzitsa ana pakhomo, zambiri zoyambira ku Egypt, Greece ndi Rome. Si zoipa, ndipo ngati mwana wanu waona chithunzi cha mapiramidi n'kuchita nacho chidwi, muuzeni kuti ali mu Africa momwe muno ndipo anamangidwa zaka zoposa 4,000 zapitazo. Koma zimenezo zibwere ngati alendo, eni nyumba akhale agogo ake, mudzi wake ndi mapiri amene amawaona akadzuka. Ndipo muziphunzitsa m'Chichewa. Chingerezi chili ndi nthawi yake, koma nkhani yofuna kulowa mumtima imalowa m'chinenero chimene mwana amalotera.

Nthawi yake isakhale yaitali. Mphindi 10 kapena 15, kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo zambiri zizichitika muli pa ntchito zina, popita kudimba, posenda mbatatesi, podikira kuchigayo. Mayeso musamupatse. Mudzadziwa kuti zalowa mukadzamupeza akusewera masanje n'kumauza anzake kuti, "Ife ndife akale, tilibe machesi," kapena akufotokozera chidole chake za mbuzi za agogo. Muziitana ana a anansi akhale nawo, chifukwa nkhani imakoma pagulu, ndipo zidzamuthandiza kuzolowera anzake asanayambe Sitandade 1 akadzakwanitsa zaka 6.

Simunanene ngati agogo ake alipo. Ngati anatisiya kapena ali kutali, pitani kwa mayi wachikulire aliyense wa m'mudzimo amene mumamukhulupirira, kapena mufunse anyakwawa kuti ndani amadziwa bwino mmene mudziwo unayambira. Munyamule kamchere kapena kasopo, musapite chimanjamanja. Nthawi yabwino ndi chakumadzulo ntchito zitachepa, dzuwa lisanalowe, poti kuno kumazizira msanga. Mwanayo apereke moni atagwada, akhale pafupi, ndipo funso loyamba likhale losavuta: dzina la mudzi uno linabwera bwanji, ndipo anayamba kumanga pano ndani?